Tsiku Limene Kachala Anabwereketsa Pasiwedi

1. Makompyuta okalamba

M'chipinda cha makompyuta cha pasukulu ina ya sekondale munali makompyuta makumi awiri, koma amene ankayaka anali asanu ndi anayi okha. Enawo ankangokhala phee, ataphimbidwa ndi nsalu. Oyakawonso ankafuna kuwanyengerera. Ukadina batani loyatsira unkatha kupita kumpopi kukamwa madzi, n'kubwerako iwo akadali kuganiza.

Kalasi ya kompyuta inali ndi ophunzira 38. Pa kompyuta imodzi pankaunjikana anthu osachepera anayi. Mmodzi ankalemba, atatu ankatsutsa. Magetsi akati thimu, ntchito ya mlungu wonse inkapitira pomwepo.

Mphunzitsi wa phunziroli anali bambo wamtali wovala magalasi. Ophunzira ankawatchula kuti a Sungani, chifukwa mphindi zisanu sizinkatha asanakuwe kuti, "Sungani ntchito yanu!"

Lolemba lina a Sungani analowa m'kalasi akumwetulira, chinthu chimene sichinkachitikachitika.

"Tamverani kuno," anatero. "Sukulu yapeza malo pa intaneti. Ntchito yathu sizikhalanso m'makompyuta okalambawa. Izikhala m'makompyuta akuluakulu amene ali kutali, amene sathima. Anthu amati kumtambo. Aliyense akhala ndi chipinda chakechake kumeneko. Mapulogalamu anu muzilembera momwemo, ndipo aziyendera komweko. Athuwa angokhala ngati zenera losuzumirira. Ngakhale pafoni mutha kulowa."

"Nanga magetsi akathima, aphunzitsi, ntchito yanga sisowa?" anafunsa wina wa mpando wakumbuyo.

"Yako singasowe, poti palibe," anayankha a Sungani. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Koma zipinda 38 sizidzimanga zokha, ndipo a Sungani ankaphunzitsanso masamu makalasi anayi. Ankafuna wowathandiza. Maso awo anagwera pa mtsikana wamfupi wa zaka 16 amene ankakhala kutsogolo. Anzake ankamutcha Kachala, chifukwa tizala take tinkathamanga pa kiyibodi mpaka munthu kuchita chizungulire. Palibe chimene mtsikanayu ankachikonda kuposa phunziro limeneli. Aliyense ankadziwa kuti akamaliza sukulu akufuna kukaphunzira zolemba mapulogalamu.

Anzake atatuluka, a Sungani anamuitana n'kumupatsa kapepala kopindapinda.

"Khala pansi, mwana wanga, undimvetsere bwino. Pakapepala aka pali pasiwedi ya akaunti yaikulu. Akaunti za anzako zizitsegula chipinda chimodzi basi. Iyi imatsegula zonse. Imatsegula chipinda cha aliyense, imatsegulanso foda yanga momwe ndizisunga mayeso ndi mayankho ake. Ndikanakonda kukupatsa akaunti yaing'ono, koma yaing'ono singamange zipinda. Tsono uiloweze pamtima, kapepalako ung'ambe. Usauze munthu. Ndikati munthu ndikutanthauza mnzako, m'bale wako, ngakhale mayi ako okubereka. Usailembe pafoni ya wina aliyense. Ndipo udziwe ichi. Makina aja ali ndi kaundula. Amalemba chitseko chilichonse chimene chatsegulidwa, tsiku lake ndi nthawi yake. Koma nkhope salemba. Iwo amangodziwa kuti watsegula ndi mwini pasiwedi. Eni pasiwediyi tilipo awiri, iwe ndi ine. Chikadzalakwika china chake, sindidzavutika n'kufunsa kalasi yonse. Ndidzafunsa iwe."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Kachala. Anawerenga kapepalako kasanu, kenaka anakang'amba tizidutswa pamaso pawo.

2. Chikombole

Mlungu wonsewo Kachala ankatsalira akaweruka. Anayamba ndi chipinda chimodzi chachitsanzo. Anaikamo chiyankhulo cha mapulogalamu chimene ankaphunzira, mafayilo a ntchito ya mlungu woyamba, ndi kalata yaifupi youza munthu poyambira.

A Sungani ankachitcha chikombole. "N'chimodzimodzi ndi cha njerwa," ankatero. "Chikapindika, njerwa zonse zituluka zopindika."

Lachitatu Kachala anayesa kuumba zipinda zitatu kuchokera m'chikombolecho. Zinatuluka bwinobwino, koma atalowa m'chimodzi anapeza kuti akutha kuona zonse za m'zipinda zinazo. Anali ataiwala kutseka zitseko zapakati. Anafufuta zonse n'kuyambiranso.

Lachinayi netiweki inathawa masana onse. Kachala anakhala maso ali pa sikirini, akuyang'ana kabwalo kozungulira kosonyeza kuti makina akudikira netiweki, mpaka mlonda anabwera kudzagwedeza makiyi pakhomo.

Pofika Lachisanu chikombole chinali bwino. Inatsala ntchito yosafuna nzeru koma yotopetsa, yolemba dzina la wophunzira aliyense ndi nambala yake, mmodzimmodzi, kuti makina amuumbire chipinda. Kachala analemba mayina 15, nthawi n'kutha. Anatsala 23, ndipo kalasi inkayenera kuyamba Lolemba m'mawa.

"Ndimalizira kunyumba pafoni yanga, aphunzitsi," anatero.

"Pa yako," anatero a Sungani, chala chili m'mwamba.

3. Loweruka

Kachala ankakhala ndi amayi ake m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo yogulitsa utoto. Amayi akewo anali telala. Makina awo osokera ankakhala pabalaza pafupi ndi zenera, ndipo tizidutswa ta nsalu tinkapezeka paliponse, ngakhale m'nsapato.

M'nyumbamo munkakhalanso msuweni wake, mwana wa malume ake. Anali a msinkhu umodzi, kalasi imodzi, bedi limodzi. Anthu ankamutcha Dona chifukwa akamatsuka mbale ankazigwira ndi zala ziwiri. Mayi ake anamwalira ali wamng'ono. Bambo ake ankawotcherera zitsulo kutsidya kwa msika, ndipo ankagona m'kachipinda kuseri kwa malo awo a ntchito. Dona anali atachotsedwapo kale pasukulu ina chifukwa chojomba, ndiye azakhali ake anamutenga kuti ayambirenso.

Awiriwa ankakondana. Ankabwerekana malaya, ankalukana tsitsi, ankanenana tsiku lonse osakwiyitsana.

Loweruka m'mawa Kachala anakhala pakhomo ndi foni yake yong'aluka galasi, mndandanda wa mayina uli pamwendo. Foniyo inali nkhalamba inzake ya makompyuta a kusukulu. Dzina limodzi linkatenga mphindi khumi. Atalemba anayi, foni inatentha n'kuzima.

"Iwe, dzuka," anatero amayi ake. "Mayunifolomu awa akufunika kuchipatala isanakwane 12 koloko. Ine sindingachoke, ndili ndi diresi la eni ake."

"Amayi, ndili ndi ntchito ya kusukulu. Atsala mayina 19."

"Bweretsa kuno ndikulembere," anatero Dona ali chigonere pamphasa. Foni yake inali yatsopano, bambo ake anamugulira atayamba sukuluyi. "Yangayi imathamanga. Ukamabwerako upeza ndamaliza."

"Sizingatheke. Aphunzitsi anakaniza."

"Ha! Azakhali, mwamumva? Akuti ine ndine wakuba."

"Sindinatero."

Amayi anasiya kupalasa makina. "Mwana iwe, ukuyamba kudzimva eti? Munthu ukugona naye bedi limodzi, ukudya naye mbale imodzi, lero wasanduka mlendo chifukwa cha tizilembo ta aphunzitsi? Aphunzitsiwo ankanena za anthu akunja. Mpatse mnzakoyo akuthandize, iwe unyamule katunduyu. Usandichedwetse."

Kachala anaima kanthawi. Kenaka anatenga foni ya Dona, anatembenukira kukhoma, n'kulemba yekha pasiwedi ija. Pakamwa sanaitchule. Ankaganiza kuti potero wasunga theka la lamulo.

"Ukamaliza utuluke m'akauntimo," anatero pobweza foni.

"Pita iwe, ukundiyesa mwana?"

Chimene Kachala sanaone n'chakuti atangolemba, foniyo inafunsa ngati isunge pasiwediyo. Dona anadina kuvomera msuweni wake asanafike n'komwe pachipata.

Atabwerako anapeza mayina onse alembedwa, opanda cholakwika ngakhale chimodzi. Anamukumbatira Dona n'kumugawira theka la sopo wake wonunkhira.

4. Ana khumi ndi mmodzi odwala

Milungu itatu inayenda bwino kwambiri. Aliyense ankalowa m'chipinda chake, kaya pa kompyuta kaya pafoni. Magetsi ankathima, koma akayaka ntchito inkapezeka pomwe inasiyidwa. A Sungani anatsala pang'ono kuiwala mawu awo aja. Mphunzitsi wamkulu, mayi wa mawu ochepa amene onse ankangowatchula kuti ahedi, anabwera kudzaona, ndipo anamugwira chanza Kachala pamaso pa kalasi yonse.

Lolemba la mlungu wachinayi analemba mayeso. Lachitatu a Sungani analowa nkhope ili gwa. Anaika mabuku patebulo pang'onopang'ono.

"Ndisanayambe, ndipepese kaye," anatero. "Sindinkadziwa kuti m'kalasi muno muli makolo. Anthu khumi ndi mmodzi muno ali ndi mwana wodwala."

Ophunzira anayang'anana.

A Sungani anayatsa sikirini yaikulu n'kuonetsa yankho la wophunzira wina. Pulogalamuyo inali yolondola kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma pakati pake panali mzere wa mtundu uja umene kompyuta siwerenga, umene wolemba amangodzikumbutsira zinthu. Mzerewo unkati: Funso lachitatu latha. Ndisaiwale kugula mankhwala a mwana.

"Mwana wodwalayo ndi wanga," anatero a Sungani. "Mzere uwu ndinalemba ine, m'fayilo yanga ya mayankho, m'foda yanga yokhoma. Lero ukupezeka m'mayankho a anthu khumi ndi mmodzi. Kubera mwabera, koma ngakhale kuwerenga chimene mukuberacho, ayi?"

Wina anayamba kuseka, koma chiseko chinathera pakhosi.

"Ndaona m'kaundula. Foda yanga inatsegulidwa Lamlungu masana, nthawi ya 3:20, ndi akaunti yaikulu. Ine nthawi imeneyo ndinali pamzere kuchipatala ndi mwana yemweyo."

Anayamba kuitana khumi ndi mmodzi aja. Uyu ankaloza uyo, uyo n'kuloza winanso. Zala zonse zinakathera pa Dona.

Dona anaimirira, misozi ili kale m'masaya.

"Iwe unazitenga kuti?" anafunsa a Sungani.

"Anandipatsa ndi Kachala, aphunzitsi. Anati ndi zongoyeserera, ndigawireko anzanga. Ine sindinkadziwa kuti ndi mayeso enieni."

Kachala anatembenuka kuti amuone msuweni wake kumaso, koma Dona anali ataphimba nkhope ndi manja. Tsitsi limene linali pamutu pakepo analiluka ndi Kachala yemweyo dzulo lake.

"Kachala, imirira. Foda yanga unatsegula?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Pasiwedi unapatsako wina?"

Kuvomera kunali kuulula kuti anaswa lamulo limene analivomera yekha. Kukana kunali kunama. Kachala anangoti zyoli.

A Sungani sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Anangovula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mwa ana onse muno ndinasankha iwe," anatero. "Mawa 8 koloko, iwe ndi msuweni wakoyo, ku ofesi ya ahedi. Mubwere ndi kholo. Lamulo mukulidziwa. Wotulutsa mayeso amachotsedwa m'phunzirolo, ndipo mayeso omaliza a phunzirolo salemba."

5. Makina osokera

Poweruka Dona anathamangira kutsogolo, koma Kachala anamupeza pa mlatho wa ngalande n'kumugwira chikwama.

"Tandiyang'ana."

"Ndisiye, anthu akutiona."

"Ationa kale. Unalowa bwanji?"

Dona anapukuta mphuno. "Foni inasunga yokha. Ine ndimangofuna kusuzumira funso limodzi. Ukudziwa kuti phunziro limeneli limandivuta. Ndiye ndinangotumizira anthu awiri okha, iwowo ndi amene anafalitsa."

"Nanga dzina langa unalitchuliranji?"

"Ndikanatani? Iwe ndiwe wanzeru, aphunzitsi onse amakukonda. Akukalipira pang'ono basi, mawa aiwala. Ine ndikagwidwa, bambo anga andichotsa sukulu. Ukuwadziwa."

"Ndiye unaona kuti bola ndipse ine?"

"Usakokomeze, iwe. Ndi phunziro limodzi lokha."

Kachala anasiya chikwama chija. Mtima unamuwawa kwambiri moti ngakhale kulira kunakanika. Anayenda njira yonse ali kutsogolo, Dona akutsatira patali.

Kunyumba anapeza amayi ali pamakina. Kachala anafotokoza zonse ali chiimire. Dona analowa kuchipinda n'kudzigwetsa pabedi, akulira mokweza kuti amveke pabalaza.

Amayi ankamvetsera akuzunguza kansalu pachala. Kenaka anamuuza Kachala kuti akhale pampando wa makasitomala.

"Mwana wanga, chimene wachita mnzakoyu n'choipa. Ndimulanga ndekha, ndipo adzachikumbuka. Koma tamvera. Mlongo wanga ananena pakhomo pano, iwe ukumva, kuti akadzangomvanso mbiri ina ya mwanayu, sukulu yathera pomwepo. Akamutenga azikamuphikira kuzitsulo kuja. Ukumudziwa malume ako, sabweza mawu. Mwana wamkazi wa zaka 16, kumalo kodzaza amuna okhaokha, wopanda mayi, wopanda sukulu, ukuganiza kuti adzathera kuti? Mayi ake akudwala anandigwira dzanja ili, nati mundisungire mwanayu. Ine ndinavomera. Iwe uli ndi mayi. Ukagwa ndilipo ine wokudzutsa. Iyeyu akagwa agwera pamwala. Phunziro limodzi si sukulu yonse. Utenga lina, mutu uli nawo. Mawa ukangopepesa. Ukati unalakwitsa, sudzachitanso. Zam'nyumba muno zisakatuluke pakamwa pako. Banja limasungidwa ndi anthu odziwa kumeza mawu. Ine ndameza ambiri kuti iwe ufike pamene ulipa."

"Amayi, ndikapepese chinthu chimene sindinachite?"

"Ukapepese kuti m'bale wako apulumuke."

"Koma munandiuza ndinu kuti ndimupatse. Ine ndinakana. Munati ndikudzimva."

Amayi anaika nsalu pansi pa singano n'kuyamba kupalasa makina mwamphamvu, ngakhale kuti ulusi unali utatha kale.

6. Ku ofesi

M'mawa mwake anapita atatu. Amayi anavala diresi lawo labwino ndipo ankayenda pakati.

Ofesi ya ahedi inali yaing'ono, yodzaza mafayilo mpaka kudenga. A Sungani anakhala pambali, kompyuta ili pamwendo. Amayi anapatsidwa mpando. Atsikana awiri aja anaima.

Ahedi anayang'ana Kachala pamwamba pa magalasi awo.

"Ndakhala pampando uno zaka zambiri," anatero. "Ana obera mayeso ndawaona ochuluka, ndipo sandidabwitsa. Mwana waulesi akabera, ndimadziwa kuti ulesi wamutuma. Koma mwana amene tamupatsa makiyi a nyumba, iyeyo akaba, amatipweteka pawiri. Watibera mayeso, watiberanso mtima wokhulupirira ana. Chaka chamawa aphunzitsi awa akadzafuna wowathandiza, adzayang'ana kalasi yonse n'kuona akuba okhaokha. Ana amene sanalakwe adzamanidwa mwayi chifukwa cha iwe. Ntchito imene ukuifunayo, ya makompyuta, ndi ntchito yosunga zinsinsi za anthu. Kuchipatala, kubanki, kulikonse, adzakupatsa makiyi. Munthu wanzeru koma wosasunga makiyi ndi woopsa kuposa mbuli. Tsono ndikufunsa kamodzi kokha, ndipo uganize usanayankhe. Chinachitika n'chiyani?"

Amayi anatsokomola pang'ono. Dona ankayang'ana nsapato zake.

Kachala anawayang'ana ahedi m'maso.

"Madamu, ndinalakwa. Aphunzitsi anandiuza kuti ndisalembe pasiwedi pafoni ya munthu wina. Ine ndinailemba pafoni ya msuweni wangayu, Loweruka lija tisanatsegule zipinda, kuti andithandize kulemba mayina. Foni yake inaisunga. Chimenecho ndiye cholakwa changa, ndipo chilango chake ndilandira. Koma foda ya aphunzitsi sindinatsegule. Mayankho sindinawaone, ndipo sindinapatse munthu aliyense."

A Sungani anadzutsa mutu.

"Iwe ukuti bwanji?" ahedi anafunsa Dona.

"Akunama, madamu. Foni yanga sanaigwirepo. Ine za akaunti yaikulu sindizidziwa." Anatulutsa foniyo n'kuiika patebulo. "Onani nokha."

A Sungani anaitenga n'kufufuza. Munalibe kanthu. Dona anali atasesa zonse.

"Kaundula sanena kuti inali foni ya ndani?" anafunsa ahedi.

"Amangonena kuti inali foni, madamu, osati kompyuta. Onse awiri ali ndi mafoni."

Ahedi anapinda manja. "Ndiye ndi mawu a uyu ndi mawu a uyo. Kachala, alipo amene anaona ukulemba pasiwediyo pafoni ya mnzakoyu?"

"Alipo, madamu."

Kachala anatembenukira kwa amayi ake. Chibadwire anali asanawamvepo akunama. Kasitomala akaiwala nsalu yotsala, ankamutumiza Kachala kuti akabweze ngakhale kachidutswa kosakwana mpango. Tsono anawayang'ana mopanda mantha.

"Amayi analipo. Anali pamakina."

"Mayi," anatero ahedi, "tithandizeni. Munaona?"

Amayi anayang'ana mwana wawo. Anayang'ana mwana wa mlongo wawo. Kenaka anayang'ana chikwama chimene chinali pamiyendo pawo.

"Ine, madamu, ndinali ndi diresi la eni ake. Za mafonizi sindizidziwa. Sindinaone kanthu."

"Amayi!"

"Sindinaone kanthu," anabwereza, mawu ali pansipansi.

Ahedi anadikira pang'ono, ngati akuwapatsa mpata woti abweze mawu. Amayi sanadzutse mutu.

"Chabwino," anatero ahedi, akutsegula cholembera. "Dona, iwe ndi anzako khumi aja mwapeza ziro, ndipo musesa bwalo milungu iwiri. Kachala, kaundula akuloza akaunti yako, msuweni wako akuloza iwe, ndipo mboni yako yakukana. Kuyambira lero wachotsedwa m'kalasi ya kompyuta. Mayeso omaliza a phunziroli sulemba. Aphunzitsi, tsekani chipinda chake."

A Sungani anazengereza. Anamuyang'ana Kachala ngati akufuna kunena kanthu, koma ahedi anali akudikira. Anatsegula mndandanda wa zipinda 38 zija, zoumbidwa m'chikombole chimene Kachala anapanga ndi manja ake, n'kudina pa dzina lake. Zinatsala 37.

7. Pachipata

Panja dzuwa linali litakwera. Dona anathamangira m'kalasi osacheuka. Ahedi anali atamuuza Kachala kuti apite kunyumba tsiku limenelo akapume.

Amayi anamupeza pachipata. Maso awo anali ofiira.

"Tiye kunyumba, mwana wanga. Tikakambirane bwinobwino. Udzamvetsa ukadzakula."

Anatambasula dzanja kuti amukonze kolala ya yunifolomu, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Kachala anabwerera m'mbuyo, dzanja lija n'kutsala m'malere.

"Munaona, amayi."

"Mwana iwe, pano ndi pamsewu."

"Munaona. Munandituma ndinu."

Amayi anabweza dzanja lija n'kufumbatira chikwama chawo.

Njira ya kunyumba inkakhotera kumanja. Kachala anakhotera kumanzere. Amayi anamuitana kawiri, kachitatu mokuwa, koma iye sanacheuke. Anadutsa pamalo okwerera basi, anadutsa pakati pa msika, anawoloka msewu waukulu. Misozi imene inakana kutuluka dzulo inatuluka tsopano, ndipo sanaipukute.

Phokoso la makina odulira zitsulo linayamba kumveka asanafike. Pabwalo panali mageti atsopano atatsamiritsidwa kukhoma, ndi mafelemu a mawindo ataunjikidwa. Pakati pa zonsezo bambo wina wamapewa aakulu anali atawerama, moto ukuthetheka kutsogolo kwake.

Bamboyo anaona nsapato za sukulu zitaima pafupi naye. Anakweza chophimba kumaso chimene anavala powotcherera.

"Mwana wa mlongo wanga? Nthawi ya sukulu ino ukutani kuno? Kwagwanji?"

Kachala anapukuta nkhope ndi mkono.

"Malume, zimitsani makinawo. Ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu."